Chilombo kapena malodza?

Tsiku lina tili mu minibasi, wailesi inanena za bambo wina amene anakhala akugwirira mwana wa mlongo wake kwa zaka zitatu. Mayi amene ndinakhala nawo mpando umodzi anapukusa mutu nati, "Ameneyo si munthu ayi, ndi monster." Tonse tinavomereza, ndipo mitima inakhala pansi. Koma ine nditafika kunyumba, mawu amenewa anandisowetsa tulo.

Angerezi anabwereka mawu akuti monster kwa Afalansa cha m'ma 1300, ndipo Afalansawo anawatenga ku Chilatini, monstrum. Tsinde lake ndi monere, kutanthauza kuchenjeza. Poyambirira penipeni, kwa Aroma monstrum sichinali chilombo cha mano akuthwa. Chinali chinthu chodabwitsa, monga ng'ombe kubereka mwana wa mitu iwiri, chosonyeza kuti milungu yakwiya. Ife kuno timati malodza. Zikatero, akuluakulu a mzinda ankaitana ansembe kuti afufuze pamene anthu alakwa.

Taonani kusiyana kwake, abale anga. Malodza akaoneka pamudzi, anthu amadzifunsa okha kuti, kodi talakwanji? Koma chilombo chikaoneka amangotola mikondo, ndipo akachipha amakagona tulo tabwino. Chilombotu chimachokera kuthengo, sichibadwa pakati pathu.

M'chaka cha 1961, mayi wina woganiza mozama, Hannah Arendt, anapita ku Jerusalem kukamvera mlandu wa Adolf Eichmann, mkulu wa chipani cha Nazi amene ankakonza maulendo a sitima zotengera Ayuda kumisasa yophera anthu. Mayiyu sanapeze chilombo. Anapeza munthu wamba wa mu ofesi, amene ankangoti ankatsatira malamulo. Atalemba zimenezi, ambiri anamukwiyira. Inetu ndikumvetsa. Chilombo n'chosavuta kudana nacho, koma munthu wofanana nafe amatikakamiza kudziyang'ana.

Sindikuti bambo uja amveredwe chisoni. Alangidwe ndithu, ndipo chilango chake chikhale chowawa. Funso langa ndi lakuti, zaka zitatu zonsezo panalibe amene anaona? Azakhali analipo, anansi analipo, a mpingo analiponso. Mwina wina anaona mwanayo akufota, koma anati za m'banja la eni sitilowerera. Tikamutcha chilombo, onsewa tawasambitsa m'manja. Tadzisambitsanso tokha.

Ndisaname, inenso ndinamvapo mwana akulira usiku kuseri kwa mpanda, osati kamodzi kokha, ndipo ndinangokweza wailesi. Sindinafunse. Mpaka lero sindidziwa chimene chinkamuliza.

Tsono mayi a mu minibasi aja sanalakwe kwenikweni. Bambo uja ndi monster, koma m'tanthauzo lake lakale lija: malodza otichenjeza kuti pamudzi pano china chake chawola. Ndipo malodza sathera pakumanga munthu mmodzi. Amafuna kuti mudzi wonse ukhale pansi.