Mizimu, Mizukwa ndi Vimbuza: Kodi Akulankhula Ndani?

PHUNZIRO 9

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Mlaliki 9:5, 6.

Pa maliro a kwathu nkhani siithera kumanda. Pakapita masabata angapo wina amati walota malemu akudandaula kuti akuzizidwa, wina amati waona chinthu choyera chitaima pambali pa mtumbira, ndipo mwana akadwala akuluakulu amayamba kufunsana ngati chiliza cha agogo sichinachedwe kumangidwa. Kuchokera pa boma la Mzimba mpaka ku Embangweni, Edingeni ndi Jenda nkhani zotere zimakambidwa tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a ife ozikamba ndife anthu obatizidwa. Sizili za kumudzi kokha ayi. M'chaka cha 2005 nyuzi zinalemba kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wachoka m'nyumba ya boma ku Lilongwe chifukwa cha mizukwa. Iye anakana, ndipo atolankhani awiri anamangidwa.

Sabata ino tifunsa funso limodzi: ngati akufa sadziwa kanthu, monga Malemba aphunzitsa, nanga amene anthu amawaona ndi kuwamva ndani?

TSIKU LOYAMBA: Mayina Ambiri

Anthu athu sasokoneza zinthu izi. Mizimu ya makolo imatengedwa ngati abale: imateteza banja, imachenjeza m'maloto, ndipo ikaiwalika imakwiya ndi kufuna mowa, ufa kapena chiweto. Mzukwa ndi wina. Uwu amati ndi munthu wakufa amene sakupuma, woyendayenda kumanda ndi m'njira, ndipo palibe amaupembedza, onse amauthawa. Ndondocha amati ndi munthu amene anaphedwa m'matsenga, amene timaganiza kuti tinamuika m'manda koma akugwirira ntchito mwini chuma wina. Anamapopa amati ndi amoyo, ofuna magazi a anzawo usiku.

Kuno kumpoto kulinso vimbuza. Awa sawayesa makolo a wodwalayo koma mizimu yachilendo imene imalowa m'thupi, ndipo wogwidwa nayo nthawi zina amalankhula ngati munthu wa mtundu wina. Anchimi amasiyanitsa vimbuza, virombo ndi vyanusi. Vyanusi amati ndi mizimu ya Chingoni. Ofufuza mbiri amati gule wa vimbuza anakula m'zaka za m'ma 1800, nthawi ya nkhondo ndi mazunzo, pamene Angoni a M'mbelwa anadzakhazikika pakati pa Atumbuka cha m'ma 1850. Ambiri odwala vimbuza ndi amayi. Bungwe la UNESCO linalemekeza guleyu m'chaka cha 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu.

Kodi zonsezi zikugwirizana pati? Werengani Genesis 3:4. Ndi ziti mwa izi zimene sizingaime ngati munthu akafa wafadi?

LOLEMBA: Akufa Ali Kuti?

Genesis 2:7 itiuza za zinthu ziwiri, dothi ndi mpweya wa moyo, ndipo munthu wamoyo ndiye zotsatira za kukumana kwa ziwirizo. Lemba silinena kuti Mulungu anaika munthu wina wosaoneka m'kati mwa thupi. Zikasiyana, dothi libwerera kunthaka, mpweya ubwerera kwa Mwini wake, ndipo maganizo a munthuyo atha tsiku lomwelo (Masalmo 146:4, Mlaliki 12:7).

Taonani zimene Mlaliki 9:6 atchula kuti zatha: chikondi, udani ndi nsanje. Izi ndizo zimene chiphunzitso cha mizimu chimadalira. Mzimu umateteza chifukwa ukonda. Umadwalitsa mwana chifukwa wakwiya. Chotsani chikondi ndi mkwiyo, ndipo sipatsala chifukwa choperekera nsembe. Yobu anenanso kuti wakufa sabwerera kunyumba kwake (7:9, 10), ndipo ana ake akalemekezeka kapena akanyozeka iye sazindikira (14:21).

Lazaro anakhala m'manda masiku 4, ndipo Yesu anatcha imfa yake tulo (Yohane 11:11-14). Atadzuka, kodi Malemba alemba uthenga uliwonse umene anabwera nawo kuchokera kwa akufa?

LACHIWIRI: Usiku wa ku Endori

Werengani 1 Samueli 28 yense.

Nkhani iyi ndiyo imatchulidwa kawirikawiri ndi iwo amene afuna kuti titsimikize kuti akufa amalankhula, choncho tiyenera kuiwerenga mofatsa. Sauli sanapite kwa wobwebweta chifukwa chosadziwa lamulo. Iye mwini ndiye anachotsa obwebweta m'dziko. Anapita chifukwa nkhondo ya Afilisti inali pafupi, mtima wake unanjenjemera, ndipo Yehova sanamyankhe m'maloto, kapena mwa Urimu, kapena mwa aneneri (vesi 6). Anavula zovala zachifumu, nayenda usiku. Ambiri a ife tikudziwa ulendo wotere. Mkulu wa mpingo amene mwana wake wadwala miyezi yambiri sapita kwa nchimi wa pafupi ndi tchalitchi. Amakwera galimoto mbandakucha kupita kumene sadziwika.

Onani mfundo izi m'nkhaniyo. Amene anaona chinthucho ndi mkaziyo; Sauli anachita kufunsa maonekedwe ake, ndipo atamva za nkhalamba yovala mwinjiro anaganiza yekha kuti ndi Samueli (mavesi 13, 14). Chinthucho chinakwera kuchokera pansi pa kuitana kwa munthu wochita chimene Mulungu anachitcha chonyansa (Deuteronomo 18:10-12). Ndipo ngati Mulungu anakana kulankhula ndi Sauli mwa aneneri amoyo, kodi akanalola kulankhula naye mwa mneneri wakufa, pa lamulo la wobwebweta? Pa 1 Mbiri 10:13, 14 tiwerenga kuti Sauli anafa chifukwa anafunsira kwa wobwebweta, osafunsira kwa Yehova. Akanakhala Samueli weniweni, mlandu umenewu sukanaima.

Mawu aja ananena zina zoona, pakuti Sauli anafadi pankhondoyo. Apa ndi pamene ambiri agwera. Mayi wamasiye amati, "Koma liwulo linali la malemu bambo, ndipo linatchula za ngongole imene tinkaidziwa awiriwiri." Sitiyenera kumuuza kuti akunama. Angelo akugwa akhala akuona mabanja athu kuyambira kale. Adziwa mawu, kayendedwe ndi zinsinsi za amene anatisiya, ndipo Paulo achenjeza kuti Satana amadzisandutsa mngelo wa kuunika (2 Akorinto 11:14). Muyeso wa uthenga ndi chilamulo ndi umboni (Yesaya 8:19, 20). Tiyeneranso kuyang'ana chipatso chake: Sauli sanaitanidwe kuti alape, anangogwa pansi wopanda mphamvu.

LACHITATU: Sizonse Zili Ziwanda

Pali msampha wina umene ife okhulupirira timagwamo msanga, ndiwo wakuona Satana m'chilichonse chimene sitikuchimvetsa. Ophunzira a Yesu anafuula pa nyanja kuti aona mzukwa, koma anali Mbuye wawo (Mateyu 14:26). Atauka kwa akufa anamuyesanso mzimu, mpaka anawauza kuti amkhudze, nadya nsomba pamaso pawo (Luka 24:37-43). Ngati atumwi anasokonezeka ndi mantha ndi mdima, ifenso tingathe.

Munthu wolira maliro amamva ngati malemu amuitana, ndipo izi zimachitika kwa ofedwa ambiri m'maiko onse. Wina amadzidzimuka usiku thupi lili louma, akulephera kufuula, akumva ngati chinthu chamukhalira pachifuwa. Madokotala amafotokoza kuti maganizo adzuka thupi lisanamasuke ku tulo, ndipo zimatha zokha pakapita kanthawi. Malungo akafika kuubongo munthu amabwebweta. Khunyu ndi matenda, ndipo mankhwala ake alipo ku chipatala cha boma ku Mzimba ndi ku chipatala cha mishoni ku Embangweni.

Palinso chinyengo cha anthu. Kufunsira kwa akufa kwa masiku ano ku maiko a Azungu kunayamba m'chaka cha 1848 ku Hydesville, m'chigawo cha New York, ndi kugogoda kumene kunamveka m'nyumba ya banja la Fox. M'chaka cha 1888 mmodzi wa atsikanawo, Margaret, anaulula pagulu kuti ankachita ndi zala za kuphazi, ndipo chaka chotsatira anabweza mawu ake. Ellen G. White, m'buku la Mkangano Waukulu, avomereza kuti chinyengo chimachitika, koma achenjeza kuti kumbuyo kwa gulu limeneli kunali angelo oipa. Mdani amakondwa ndi zonse ziwiri, chozizwitsa ndi bodza wamba, bola anthu akhulupirire kuti akufa ali moyo.

Mtengo wa kusasiyanitsa ndi magazi. M'chaka cha 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi Phalombe, nifika ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ndipo mmodzi wa iwo anali mnyamata wodwala khunyu. M'midzi yathu, munthu akafa mwadzidzidzi, chala chimaloza kwa nkhalamba yosauka kapena kwa wamalonda amene zake zikuyenda. Lamulo lokhudza ufiti limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1911 linaletsa kutchula munthu mfiti, koma lamulo lachisanu ndi chinayi la pa Sinai linaletsa kale umboni wonama (Eksodo 20:16). Kodi pa maliro otsiriza amene tinapitako, tinalankhula chiyani pamene dzina la munthu linayamba kunong'onezedwa?

LACHINAYI: Mlongo Wathu wa Vimbuza

Werengani Marko 5:1-20.

Mkhristu sangapereke thupi lake kwa mzimu wina, pakuti ndilo kachisi wa Mzimu Woyera (1 Akorinto 6:19). Sangamwenso magazi a nkhuku kapena mbuzi pa mwambo wa chilopa (Levitiko 17:10-12, Machitidwe 15:29). Pa izi sipafunika kukangana.

Koma tifunse chifukwa chake mlongo wathu amapitabe. Taganizani za mayi amene mwamuna wake ali ku Joni zaka zambiri, ndalama zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo iye akukhala pakati pa abale a mwamuna kumene sangayankhe apongozi. Mutu umamupweteka, tulo sabwera. Akapita ku vimbuza, mudzi wonse umasonkhana chifukwa cha iye. Amuna aimba ng'oma, amayi ndi ana aomba m'manja usiku wonse, ndipo zimene sakanatha kunena masana zimanenedwa pagulu. Akabwera kwa ife, kawirikawiri chimene amalandira ndi kuitanidwa ku komiti ya mpingo. Ng'oma imamupatsa usiku wathunthu. Ife timamupatsa mphindi khumi ndi chenjezo. Pamenepa mlandu uli pa ife.

Yesu sanangotulutsa ziwanda mwa munthu wa kumanda uja. Anthu anampeza atavala, atakhala pansi, ali ndi nzeru zake, ndipo Yesu anamtumiza kwawo kwa abale ake. Mpingo wathu wa dziko lonse unaona kusowa kumeneku, ndipo pa msonkhano waukulu wa ku St. Louis m'chaka cha 2005 unaonjezera chiphunzitso cha kukula mwa Khristu, zikhulupiriro zathu n'kukwana 28. Chiphunzitsocho chitsimikiza kuti pa mtanda Yesu anagonjetsa mizimu yoipa (Akolose 2:15), ndi kuti malo amene mantha achoka ayenera kudzazidwa ndi pemphero, Mawu, nyimbo ndi chiyanjano cha abale. Yerekezani ndi Mateyu 12:43-45. Chimachitika n'chiyani ndi nyumba yosesedwa koma yopanda wokhalamo?

LACHISANU: Kuphunzira Kopitiriza

Werengani 1 Atesalonika 4:13-18, ndipo onani nthawi imene Paulo anena kuti tidzaonana ndi okondedwa athu.

Mafunso Okambirana:

1. Lamulo lachisanu litiuza kulemekeza atate ndi amayi. Banja likasonkhana kudzamanga chiliza, ndi mbali ziti zimene Mkhristu angatengeko ndi mtima woyera, ndipo aime pati pamene akuluakulu ayamba kulankhula kwa malemu? Angakane bwanji popanda kunyoza amalume ndi azakhali ake?

2. Mtembo wa mbale wafika kuchokera ku Johannesburg, ndipo abale akuti bokosi lisatsegulidwe. Mawa lake mudzi wayamba kunena kuti muli mtengo chabe, mwiniwake anatengedwa ndondocha. Inu monga mkulu wa mpingo kapena mtsogoleri wa Dorika, mudzanena chiyani kwa mayi wa malemuyo?

3. M'kalasi mwanu, ndani adzapita sabata ino kukakhala ndi wofedwa amene akuopa kugona yekha m'nyumba?