Tikutaya Mbiri Yathu ndi Manja Athu Omwe

Pakati pa mzinda wa Mzuzu pali nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980 kuti izisunga ndi kuonetsa za moyo wa anthu a chigawo cha kumpoto: Atumbuka, Atonga, Angoni, Ankhonde ndi ena. Kuchokera kwathu kuno ku Ching'ambo munthu akhoza kukafikako pa kabaza, ngakhale wapansi. Koma tafunsani pamsika, pa banki m'khonde, kapena m'mashedi moonera mpira kuti ndi angati analowamo. Ambiri akuyang'anani modabwa, ena akuuzani kuti kumeneko n'kwa azungu odzaona dziko. Yankho limeneli limandipweteka mtima, chifukwa zimene zili m'nyumbamo si za azungu. Ndi za agogo athu.

Munthu akalowa m'nyumba ngati imeneyi amaona zida zolimira, zosakira nyama, zophera nsomba, ziwiya za pakhomo ndi zoimbira. Wopupuluma amangoti ndi zinthu zachabechabe, zakutha. Wodekha amaona anthu. Khasu lakale lija silinagulidwe m'sitolo. Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi ankakumba miyala yachitsulo, n'kuisungunula m'ng'anjo zadothi, kenaka n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo pa chipala, wina akupukusa mvukuto thukuta lili kamukamu. Makasu amenewo ankayenda mitunda, ankalowolera akazi, ankaperekedwa kwa mafumu. Nsalu ya nyanda inkafuna munthu wodziwa mtengo woyenera, wodziwa kusenda khungwa ndi kulisula mpaka lifewe osang'ambika. Mono wa msodzi wa ku Nkhata Bay unalukidwa ndi munthu amene anaphunzira makhalidwe a nsomba ndi kayendedwe ka madzi. Chilichonse mwa zinthu zimenezi ndi umboni wa luso, kupirira ndi kuphunzitsana. Mwana ankakhala pambali pa wamkulu zaka zambiri asanapatsidwe nyundo. Lero ndani ali nako kudekha kotero? Ndani akufuna kuphunzitsidwa?

Sindikunena kuti kale kunali mtendere wokhawokha. Mbiri ya dera lino ili ndi magazi, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kuidziwa. Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo ana awo atafika kuno anasintha moyo wa mitundu imene anaipeza. Phiri la Hora ku Mzimba linaona imfa za Atumbuka amene anaukira ulamuliro wa Angoni. Ku Karonga, Mlozi anagwira ndi kugulitsa anthu mpaka pamene anapachikidwa m'chaka cha 1895. Pa 3 Malichi 1959, asilikali a boma la atsamunda anaombera anthu padoko la Nkhata Bay, ndipo anthu osachepera 20 anaphedwa. Palinso mbiri yonyaditsa: sukulu ya ku Khondowe imene Robert Laws anayamba m'chaka cha 1894, bungwe la North Nyasa Native Association la m'chaka cha 1912, ndi Levi Mumba amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress m'chaka cha 1944. Mwana wokulira pa Ching'ambo lero amatchula osewera onse a Manchester United ndi Arsenal, oyamba ndi apabenchi omwe, koma dzina la Levi Mumba sanalimvepo. Mlandu si wa mwanayo. Ndi wathu amene tinamubereka.

Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzulo. Unakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung imene inayamba cha m'ma 1947, ndipo unalandira ulemu wokhala mzinda m'chaka cha 1985. Pakalembera wa 2018 munali anthu oposa 220,000. Pafupifupi tonsefe ndife obwera: wina wa ku Chitipa, wina wa ku Usisya, wina wa ku Euthini, wina wa ku Kasungu kapena ku Mulanje. Kumudzi kunali mphala ndi bwalo, kunali agogo ofotokoza nthano pamoto madzulo. M'tauni muno mwana amakulira m'nyumba ya lendi, makolo atapita kukasakasaka, mphunzitsi wake wamkulu ali foni. Kumudzi amangopitako pamaliro. Ndiye ngati mwana wotere sakalowa m'nyumba yosungiramo zakale, mtondo ndi munsi, lichero, nkhali, chipande ndi nsupa adzazionera kuti? Adzadziwa bwanji kuti iyeyo ndi wa kwa yani?

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi zimene timachita m'makomo mwathu. Gogo akamwalira, abale amakanganirana malata, ziweto ndi puloti, koma chikwama cha makalata ake chimakathera kudzala. M'menemo munali makalata ochokera ku Joni ndi ku Harare, chitupa cha Wenela, khadi la ubatizo la ku Ekwendeni kapena ku Bandawe, zithunzi za ukwati. Mapepala amenewo amayatsira mbaula. Ayironi yamakala, khasu losula pamanja ndi mkondo wa agogo amuna zimagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wosakwana ndi ndiwo za tsiku limodzi. Ena amatentha mikanda, mphande ndi ng'oma za makolo ati n'zachikunja, osasiyanitsa chithumwa ndi chokongoletsera thupi. Tafika poona chilichonse chakale ngati cha ufiti, ndipo maganizo amenewa sathera pa katundu. Afikanso pa anthu. Kangati tamva za nkhalamba zomenyedwa, kuthamangitsidwa m'mudzi, ngakhale kuphedwa kumene, poganiziridwa ufiti? Mtundu umene umanyansidwa ndi nkhali ya gogo suchedwa kunyansidwa ndi gogoyo.

Pamene ife tikutaya, akunja akutola. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti vimbuza ndi gule wamkulu ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo mu 2018 linaonjezera gule wa mwinoghe wa ku Chitipa. Ku Uraha, m'boma la Karonga, akatswiri anafukula nsagwada ya munthu wakalekale m'chaka cha 1991, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Nyumba ya zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, imaonetsa chigoba cha chinyama chotchedwa Malawisaurus, ndipo anthu amakwera ndege kudzachiona. Ife timadutsa pa basi popita ku Kyela kukaoda katundu, osatembenuza ndi khosi lomwe. Anzathu a ku Zambia akhala akupempha kwa zaka zambiri kuti chibade chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chichoke ku London chibwerere kwawo. Chinthu chikachoka m'manja, kuchibweza kumatenga mibadwo. Nanga chimene tatentha tokha tidzakachipempha kwa yani?

Ife a mu Mzuzu tikudziwa bwino mmene moto umadyera chuma cha nzeru. Mu Disembala 2015 laibulale ya sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu inapsa, ndipo mabuku zikwizikwi anasanduka phulusa. Tinalira, ndipo kunali koyenera kulira. Komatu moto wina ukuyaka mwakachetechete tsiku ndi tsiku m'makomo mwathu, ndipo palibe akufuula. Nkhalamba iliyonse imene taika m'manda tisanaifunse za mtundu wathu yapita ndi zinthu zimene sizinalembedwe pena paliponse. Ku Blantyre kuli bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndipo limasunga mabuku, zithunzi ndi zolembedwa zakale ku Mandala House. Linayambitsidwa ndi anthu wamba okonda mbiri. Ife tili ndi magulu a mpira, a ndale, a zikwati, a maliro ndi a kusunga ndalama. Gulu la anthu osonkhana kuti alembe mbiri ya dera lawo timaliona ngati kutaya nthawi, chifukwa silibweretsa kangachepe m'thumba.

Apa ndi pamene pagona nthenda yathu. Tayamba kuyeza chilichonse ndi ndalama, ndiponso ndalama ya lero lomwe. Wachinyamata amene sanaonepo kuti khasu limodzi linkadya masiku angati a thukuta savutika kukhulupirira kuti chuma chimabwera ndi kubetcha pa foni. Munthu amene sadziwa kuti makolo ake ankasiya mitengo ina osaidula, ndi kupatula nkhalango za kumanda, saona vuto kusandutsa nkhalango ya Kaning'ina matumba a makala. Wosadziwa za Mlozi sazindikira ukapolo ukabwera utavala suti, ukulonjeza ntchito yabwino kunja. Wosadziwa za pa 3 Malichi amagulitsa voti yake ndi kansalu ndi botolo la mowa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ife dambolo taliumitsa, ndiye tikudabwa kuti moto ukulusa.

Udindowu palibe angauzembe. Boma lipatse nyumba zosungiramo zakale ndalama zokwanira, malo abwino ndi antchito, chifukwa chiswe, chinyezi ndi fumbi sizidikira bajeti ya chaka chamawa. Aphunzitsi asamathere pa kulemba mbiri pabolodi pamene zinthu zenizenizo zili mumzinda momwe muno. Atsogoleri a mipingo aphunzitse nkhosa zawo kusiyanitsa choipa ndi chakale, poti nawonso mpingo uli ndi mbiri yake yosungidwa ku Stone House ku Livingstonia. Mafumu asalole kuti Umthetho wa ku Hora ndi Gonapamuhanya wa ku Bolero ikhale miyambo ya tsiku limodzi pachaka, anthu n'kuvula zikopa ndi kuiwala. Koma ntchito yaikulu ili pakhomo.

Inu bambo, inu mayi a ku Ching'ambo, a ku Chiputula, a ku Zolozolo ndi a ku Mchengautuwa, Loweruka lina tengani ana anu mupite nawo kukaona zimene makolo awo anasiya. Muwauze dzina la chiwiya chilichonse m'chinenero chanu. Ngati agogo akadali moyo, khalani nawo pansi, muwafunse, mulembe, mujambule mawu awo pa foni imene muli nayoyo. Chikwama cha makalata chija musachitaye, ndipo chimene simungathe kuchisunga kachiperekeni kwa amene ntchito yawo ndi kusunga. Chitani zimenezi chaka chino, eni nkhani adakali moyo.