Manda a ku Bandawe ndi Adzukulu Ake

Chaka ndi chaka, mwera ukaleka ndipo nyanja ikachita bata, ku Chintheche kumafika alendo ochokera ku Scotland amene sabwera kudzasambira kapena kudzaothera dzuŵa pa mchenga ai. Iwoŵa amasunga ndalama kwa nthaŵi yaitali, nanyamula makalata akale ndi chithunzi chofwifwa cha munthu amene sanamuonepo ndi maso. Cholinga cha tchuthi chao ndi chimodzi: kukaima pa manda a amishoni pa Bandawe wakale, pafupi ndi phiri la Makuzi.

Mbiri yake ambiri tikuidziŵa. Amishoni a Free Church of Scotland anafika pa nyanja yathu m'chaka cha 1875 ndi sitima yao ya Ilala, nakhazikika ku Cape Maclear. Malungo atawavuta, Dr Robert Laws anasamutsira likulu la mishoni ku Bandawe mu 1881, koma imfa inawatsatirabe, mpaka mu 1894 anakwera kumapiri a Khondowe, kumene lero timati Livingstonia. Laws anakhala m'dziko muno mpaka 1927, koma anzake ambiri sanaione imvi. Anagona konkuno ali anyamata ndi atsikana, kutali ndi amai ao.

Tsono funso lathu nali: kodi nkwanzeru kuti munthu aononge chuma chotere, chokwanira kulipirira ana angapo sukulu, kuti akaone mwala? Wakufayo samva, sadya, sathokoza. Tikafunsa motere tikuoneka ngati ochenjera, koma tikudzitsutsa tokha, pakuti ndife omwe timagulitsa mbuzi kuti timange chiliza, ndife omwe timabwereka galimoto kuti maliro achoke ku Blantyre akaikidwe kwao. Makolo anati chibale ndi fupa, sichiola. Munthu sadzibala yekha: dzina, chilankhulo, ngakhale kayendedwe, zonse anachita kulandira, ndipo wolandira ali ndi ngongole. Popeza wakufa sitingambwezere kanthu m'manja, chotsala nchakuti tisamuiŵale. Pamenepa mlendo wa ku Scotland sanalakwe.

Koma ulendo wotere uli ndi msampha wake. Nkosavuta kufunafuna makolo monga momwe munthu amasankhira malaya pa msika, kutenga okongola ndi kusiya ong'ambika. Aliyense amakondwa kupeza gogo amene anali dokotala kapena mphunzitsi. Nanga akapeza kuti gogoyo ankalanga anthu ndi chikoti, kapena anali wamalonda wopondereza antchito, adzamulandirabe? Funsoli likutikhudza ifenso, pakuti akapolo amene ankaoloka nyanja pa Nkhotakota sanagwidwe ndi alendo okha. Ena anagulitsidwa ndi anansi ao. Amene afuna makolo kuti adzitamandire nawo sakufuna makolo ai, akufuna kalilole. Kulemekeza kholo ndi kulidziŵa monga linaliri, zabwino ndi zoipa zomwe, osalinamizira.

Pali chinthu china chimene chimatiŵaŵa kuposa ichi. Mlendoyo amapeza gogo wake chifukwa gogoyo analembedwa. Dzina lake lili pa mwala, makalata ake akusungidwa ku Edinburgh, ndipo mabuku ena a mishoni ali ku nyumba yosungira zakale ku Zomba. Nanga amene anamunyamula pa machila, anaumba njerwa, anamuphunzitsa Chitonga liu ndi liu? Oŵerengeka okha ndiwo akudziŵika, monga William Koyi, mlaliki wa mtundu wa Axhosa wochokera ku Lovedale, amene anamwalira pakati pa Angoni mu 1886. Enawo anagona pansi pa mitengo imene inagwa kalekale.

Ndipo dera lomweli la Chintheche lili ndi manda ake kutali. Sukulu za ku Bandawe zinaphunzitsa Atonga msanga, msonkho unafuna ndalama, ntchito kuno kunalibe, choncho anyamata anayamba ulendo wa ku Harare ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anamwalira ku East London mu 1951. Iyeyu mbiri inamusunga. Koma machona ena osaŵerengeka anaikidwa m'manda a pafupi ndi migodi, ena atasintha ndi maina omwe kuti apeze ntchito. Njira ya Wenela inadya anthu: mu 1974 ndege yake inagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwao. Mdzukulu wa mchona, ngakhale atafuna kuchita zimene achita mlendo wa ku Scotland, adzayambira pati? Alibe kalata, alibe nambala ya manda, ndipo ndalama ya pasipoti ndi ulendo ikanakhalapo ikanagula feteleza. Dzina la gogo wake latsala m'kamwa mwa agogo aakazi amodzi okalamba, amene palibe wawafunsa ndi cholembera m'manja.

Sitikunena izi kuti tichitire nsanje mlendo. Makolo akenso ambiri anali amphaŵi: David Livingstone anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, ndipo Laws anali mwana wa mmisiri wa matabwa ku Aberdeen. Tikungoti iye amene ali ndi mwai wofika pa manda a kholo lake asabwerere ndi chithunzi cha mwala chokha. Akhale pansi, afunse amene anakhala ndi gogo wakeyo, adziŵe maina a midzi imene inamudyetsa.

M'chilankhulo chathu liu loti adzukulu lili ndi matanthauzo aŵiri. Adzukulu ndi ana a ana athu. Adzukulu ndiwonso aja okumba manda ndi kuika maliro, amene mwa mwambo sakhala a banja lofedwa. Amishoni ogona pa Makuzi ali nawo onse aŵiri. Oyambawo amabwera pa ndege, mwina kamodzi pa moyo wao. Achiŵiriwo ndi Atonga a m'midzi yozungulira, amene makolo ao anakumba mandawo zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo ndiwo amamsonyeza mlendoyo njira yopita kumeneko.