MANJA AMENE MULUNGU ANAWAPATSA LUSO

Mau owerenga: Eksodo 35:20-35 ndi Machitidwe 9:36-42

 Mukamaliza kuwerenga pepalali musalisunge m'chikwama, mupatseko mnzanu amene anali ku shifiti.

Mwezi uno ndikufuna tiyamike Mulungu chifukwa cha bungwe lina la kuno ku Perth. Dzina lake ndi Community Arts Network, koma ambiri amangoti CAN. Linayamba mu 1985, choncho mu 2025 linakwanitsa zaka 40. Ntchito yake ndi kupita kwa anthu wamba, makamaka amene mau awo samveka, n'kuwabweretsera aluso oti akhale nawo pansi, kuti anthuwo afotokoze okha mbiri yawo mwa kusoka, kujambula, kuumba ndi kuyimba. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kudabwa. Mukuti bungweli si mpingo, nanga likufuna chiyani m'kalata ya mapemphero? Dekhani, tiyambe ndi Baibulo.

ANALI AKAPOLO, KOMA ANALI NDI LUSO

Ana a Israele anali alendo ku Aigupto monga ife tili alendo kuno. Kumeneko manja awo ankadziwika ndi chinthu chimodzi, kuumba njerwa za Farao. Panalibe wowafunsa ngati amatha kanthu kena. Koma atafika m'chipululu, Mulungu anafuna chihema chokomanamo ndi anthu ake, ndipo sanaitanitse amisiri a kunja. Anatchula dzina Bezaleli wa fuko la Yuda, namudzaza ndi Mzimu wake kuti adziwe kusula golide ndi siliva, kusema miyala ndi mitengo. Anamupatsanso mnzake Aholiabu wa fuko la Dani. Vesi 34 likutiuza kuti awiriwa anapatsidwanso mtima wophunzitsa ena, kuti luso lisathere mwa iwo okha.

Amayi, taonani vesi 25 ndi 26. Akazi aluso anapota ulusi ndi manja awo, wamitundumitundu, ena anapota ubweya wa mbuzi. Maina awo sanalembedwe, koma nsalu za chihema zinachokera m'manja mwawo. Anthu anabweretsa zopereka zambiri mpaka Mose anawauza kuti basi zakwana. Chihema chimenecho anayenda nacho zaka 40 za m'chipululu. Luso la manja ndi mphatso ya Mzimu wa Mulungu, ndipo pamene pali anthu olidzutsa mwa osauka ndi oiwalika, ife akhristu tiyenera kunena zikomo.

ENI NTHAKA INO

Kuti timvetse ntchito ya CAN tidziwe kaye anthu amene tinawapeza. Eni nthaka ino ndi a mtundu wa Noongar. Mzinda umene timati Perth iwo amautcha Boorloo, ndipo mtsinje wa Swan amautcha Derbarl Yerrigan. Inu a ku Balga, dzina la kwanuko ndi lawo, ndi mtengo uja wa thunthu lakuda wa masamba ngati udzu.

Mu 1905 boma la Western Australia linakhazikitsa lamulo limene linapatsa mkulu wina wa boma mphamvu pa ana a eni dzikowa kuposa makolo awo. Ana ambiri analandidwa kwa amayi awo n'kukasungidwa ku malo ngati Moore River, kumpoto kwa Perth, ndi Carrolup, pafupi ndi Katanning. Malo ena osungirako anawa anali a mipingo, ndipo ichi tisachibise. Anawo ankaletsedwa kulankhula chinenero chawo. Kuyambira 1927 mpaka 1954 munthu wa mtundu wawo sankaloledwa kulowa pakati pa mzinda wa Perth popanda chiphaso. Boma la Australia linadzapepesa pa 13 February 2008, kudzera mwa nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, a Kevin Rudd.

Atsikana olandidwawo ankaphunzitsidwa kuchapa, kusita ndi kuphika, kenako n'kutumizidwa kukagwira ntchito m'nyumba za azungu. Alongo anzanga a ntchito ya m'nyumba, imeneyi ndi ntchito yathu. Ine ndikamakwecha bafa ndimawakumbukira atsikana amenewo. Ine ndinabwera mwa kufuna kwanga, ndimalandira malipiro, ndikaweruka ndimakwera basi kupita kwa ana anga. Iwo analibe kopita.

ZIDOLE ZA KU NARROGIN

Narrogin ndi tauni ya alimi a tirigu ndi nkhosa, makilomita pafupifupi 190 kuchokera ku Perth. Mu 2010 CAN inasonkhanitsa kumeneko amayi ndi atsikana a Noongar kuti azisoka zidole. Ntchitoyi anaitcha Yarns of the Heart. M'Chingerezi cha kuno liwu lakuti yarn limatanthauza ulusi komanso kucheza, ndipo zonse ziwiri zinachitikadi. Mmodzi mwa aluso amene anakhala nawo pansi ndi mayi Nalda Searles. Amayi ankatenga nsalu zakale, ulusi ndi mabatani, aliyense n'kusoka chidole chokumbutsa munthu wa kwawo kapena nkhani ya moyo wake. Manja akamasoka pakamwa pamamasuka. Nkhani zimene zinakhala m'mitima zaka zambiri zinatuluka, atsikana n'kumamva. Mu 2011 zidolezo zinaonetsedwa ku Western Australian Museum, ndipo pambuyo pake zina zinakafika mpaka ku Sydney.

Apa ndikudziwa pali mbale amene wakwinya nkhope. Akuti zidole ndi mafano, akuti zosemasema ndi ng'oma ndi zachikunja. Mbale wanga, mantha anuwo ndi abwino, chifukwa lamulo lachiwiri lilipo ndithu. Koma tsegulani Eksodo 32. Anthu anavula ndolo zagolide, Aroni anazisungunula n'kupanga mwana wa ng'ombe, anthu namugwadira. Kenako bwererani ku mutu 35 vesi 22. Anthu omwewo anabweretsanso zokongoletsera zawo zagolide, ndipo zinapanga zipangizo za chihema. Golide ndi yemweyo, manja ndi omwewo. Kusiyana kwake kunali pa amene ankamugwadira. Mayi amene wasoka chidole pokumbukira agogo ake sakuchipembedza. Ifenso tili ana tinkabereka zitsononkho kumbuyo ndi kuumba ng'ombe zadongo, ndipo sitinazipempherepo. Kwathu ku Mua, m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher a ku Canada anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo amisiri a kumeneko asemera matchalitchi ambiri mitanda ndi zithunzi za nkhani za m'Baibulo. Tisapatse Satana mphatso imene Mulungu ndiye anapereka.

NYIMBO ZOGONEKERA MWANA

Ntchito ina ya CAN ndi imene yandichititsa kulemba kalatayi. Kuyambira mu 2017 bungweli linayamba kusonkhanitsa mabanja a Noongar kuti apeke nyimbo zogonekera ana m'chinenero chawo. Oyimba awiri, mayi Gina Williams ndi bambo Guy Ghouse, ndi amene anatsogolera poyamba. Mayi Williams iwo eni anaphunzira chinenero cha makolo awo ali akuluakulu kale, chifukwa ali mwana sichinawafike. Taganizani, abale. Agogo a imvi kukhala pansi ndi pepala ndi pensulo, kufunsa kuti kodi mwezi timati chiyani, nyenyezi timati chiyani, kuti apeze choyimbira mdzukulu. Nyimbo zimene amayi awo akanawayimbira zinaduka tsiku limene analandidwa.

Tsopano funso libwere kwa ife. Kodi ife watilanda ana ndani? Palibe wapolisi amene wabwera pakhomo pathu kudzatiletsa Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe. Buku Lopatulika tili nalo kuyambira 1922, ndipo ambiri tinabwera nalo m'sutikesi. Komabe muli ana m'nyumba zathu amene agogo awo akaimba foni kuchokera ku Ntcheu kapena ku Kasungu amangoti halo n'kubweza foni kwa amayi. Agogo amalankhula, mwana samva. Mwana amalankhula, agogo samva. Agogowo akadzamwalira, mwanayo sadzakhala ndi mau awo ngakhale amodzi oti awakumbukire.

Sindikuloza munthu chala, chifukwa moyo wa kuno tonse tikuudziwa. Ena mumadzuka 4 koloko kukakolopa maofesi. Ena mumachezera usiku wonse kusamalira okalamba, mukafika kunyumba ana apita kale kusukulu. Pali lendi, pali mapepala a viza, pali ndalama zotumiza kumudzi. Mwana akalira timamupatsa foni kuti atonthole, ndipo foniyo imamuyimbira m'Chingerezi. Chingerezi si tchimo, ana athu achidziwe bwino kuti apambane kusukulu. Koma pa tsiku la Pentekoste Mzimu Woyera sanasankhe chinenero chimodzi. Machitidwe 2 akuti aliyense anamva zazikulu za Mulungu m'chinenero chimene anabadwa nacho. Timoteo analandira chikhulupiriro kwa agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike, m'nyumba, ali wamng'ono. Anzathu a Noongar akufunafuna ndi misozi chinthu chimene analandidwa. Ife tikuchisiya chigwe chili m'manja mwathu. M'mera mpoyamba, abale. Mwana wa zaka 3 amatola chinenero ngati masewera, koma wa zaka 30 amachivutikira m'kalasi.

ANTHU AMENE TIKUWAYAMIKIRA

Mu Machitidwe 9 timamva za Tabita wa ku Yopa, amene ankatchedwanso Dorika. Baibulo silinena kuti analalikirapo. Ankasoka. Atamwalira, akazi amasiye anamuzungulira Petro akulira, akumuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anawasokera. Umboni wake unali m'nsalu, ndipo Mulungu anamuukitsa.

Pa zaka 40 za CAN tiyamike Mulungu chifukwa cha anthu otere. Tiyamike chifukwa cha amayi ndi agogo a Noongar amene analimba mtima kutsegula zilonda zawo kuti adzukulu adziwe kumene anachokera. Tiyamike chifukwa cha mayi Pilar Kasat, amene anachoka kwawo ku Chile n'kubwera kuno ngati mlendo monga ife, ndipo anatsogolera bungweli zaka zambiri. Tiyamike chifukwa cha a Len Collard ndi akuluakulu ena amene anagwira nalo ntchito yofotokoza tanthauzo la maina a malo. Bungweli linathandizanso magulu a alendo ochokera m'maiko ena kudzera m'ntchito yotchedwa Dream Plan Do. Tisaiwalenso amene maina awo salembedwa, oyala mipando, owiritsa tiyi, oyendetsa galimoto kukatenga agogo, ndi otsala kusesa holo anthu onse atapita. Ntchito imeneyo ife tikuidziwa kulemera kwake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la zaka 40 analisenza ndi anthu ambiri.

NANGA IFE TICHITE CHIYANI?

Mabwana athu amadziwa kuti manja athu amatha kukolopa, kusita ndi kutsuka mbale. Mulungu amadziwa zambiri kuposa pamenepo. Muli alongo pakati pathu odziwa kuluka ndi kusoka chilundu. Muli abambo amene kumudzi ankaluka mphasa ndi malichero, ena ankasema mipini, ena ankatsogolera kwaya. Luso limenelo silinatsale pa bwalo la ndege ku Lilongwe kapena ku Chileka. Ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, kholo lililonse lisankhe nyimbo imodzi ya kwathu, kaya yogonekera mwana kaya ya m'buku la nyimbo, ndipo limuyimbire mwana usiku uliwonse limene lili pakhomo. Amene muli pa shifiti ya usiku muyimbireni masana.

Chachiwiri, gulu lililonse likamakumana lipatule mphindi 20 za ana. Wamkulu mmodzi awauze nthano kapena nkhani ya m'Baibulo m'chinenero chathu, ndipo mwana mmodzi atseke ndi pemphero, ngakhale lalifupi, ngakhale alakwitse. Asasekedwe.

Chachitatu, amayi bweretsani zitenje zakale, singano ndi ulusi pa mapemphero a Loweruka. Tisoke nsalu ya patebulo lathu lopempherera, banja lililonse kachigamba kake, ndipo amene akusoka auze ana kuti chitenjecho chinali cha yani.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene munadzaza Bezaleli ndi Mzimu wanu, tikukuthokozani chifukwa cha zaka 40 za bungwe limeneli ndi onse amene agwiramo ntchito. Tonthozani mabanja a eni nthaka ino amene analandidwa ana. Khululukirani mpingo wanu pamene unakhala chete. Dalitsani manja athu otupa ndi sopo ndi madzi, kuti akatumikira mabwana atumikirenso ana athu ndi Inu. Ikani nyimbo za kwathu pakamwa pa ana athu, kuti akutamandeni pamodzi ndi agogo awo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Zopempherera mwezi uno: odikira mayankho a viza, ofuna ntchito, ophunzira amene akusowa fizi, odwala kuno ndi kumudzi, ndi ana athu onse obadwira kuno.

Ndine mlongo wanu mwa Ambuye.