Kodi kulukira mwana asanabadwe n'kuyesa Mulungu?

Kwathu ku Dedza, cha ku Linthipe, amayi anga anakula ndi lamulo lakuti mwana amene sanabadwe sasokeredwa kanthu. Kamalaya ayi, chipewa ayi, ngakhale thewera. Mimba yeniyeniyo sinkatchulidwa pagulu. Anthu ankangoiona ikukula n'kukhala chete, ndipo wofunsa kuti mwezi wake ndi uti ankamuyang'ana ndi diso lokayika. Zonse zinkayamba mayi akachira, ndipo zina zinkadikira mpaka mchombo utagwa, mwana atatuluka m'chikuta, atametedwa n'kupatsidwa dzina.

Tsopano mwana wanga wamkazi ndi woyembekezera koyamba, ndipo ine ndayamba kale kuluka shawelo. Amayi, amene masiku ano akuyendera ndodo, ataona ulusi wachikasu pamiyendo panga anangoti, "Mwanawe, ukutsogolera Mulungu." Mawu amenewa sindinawatenge mopepuka, chifukwa amene anawanena anaika ana m'manda ine ndisanabadwe. Funso lake ndi lenileni: kukonzera munthu amene Mulungu sanamuike m'manja mwako, kodi ndi chikhulupiriro kapena ndi matama?

Ndimadana ndi anthu amene amathamangira kunena kuti lamulo la makololi linali umbuli. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo m'Malawi muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Mayi wa nthawi imeneyo ankadziwa bwino kuti kubereka si kulera. Ankadziwanso kuwawa kwa kutsegula sutikesi n'kupezamo kachipewa kopanda mutu wokavala. Ena ankaopa nsanje ndi ufiti, n'zoona, koma pansi pa manthawo panali chifundo: lamuloli linkatchinjiriza mtima wa mayi kuti usamangirire pa chinthu chimene chikhoza kulandidwa usiku umodzi. Ngakhale Baibulo lili ndi mbali imene imagwirizana ndi amayi anga. Kalata ya Yakobo, mutu 4, imadzudzula anthu okonza za mawa ngati mawalo ali m'thumba mwawo, osakumbukira kuti zonse zimadalira kulola kwa Ambuye.

Komabe shawelo ija sindinaisiye, ndipo chifukwa choyamba ndi cha thupi. Mayi akayamba sikelo lero, anamwino amamuuza zoti asonkhanitsiretu: zitenje zoyera zingapo, beseni, pepala la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano, ulusi womangira mchombo, ndalama ya ulendo. Pofika 2015 ndi 2016, ana 91 mwa 100 alionse ankabadwira kuchipatala, ndipo imfa za ana osakwana zaka zisanu zinali zitatsika kufika pa 63 mwa 1,000. Kukonzekeratu kuli m'gulu la zinthu zimene zapulumutsa ana. Lipoti la bungwe la WHO ndi mabungwe anzake la mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 mwa 100 alionse. Mwana wotero amazizidwa msanga, ndipo kutentha kwambiri kumathawira kumutu. Njira ya kangaru, yomangirira khanda pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, imene inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia ndipo kuno inafikira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, imafuna kuti mwanayo avale chipewa ndi masokosi. Khanda lofika mwezi wachisanu ndi chiwiri, m'chisanu cha June cha ku Dedza kuno, silingadikire kuti agogo ake ayambe kufunafuna ulusi. Lamulo limene kale linkateteza mtima wa mayi, lero likhoza kusiya mwana pambalambanda.

Chifukwa chachiwiri n'chimene chili pafupi ndi mtima wanga, ndipo chimachokera m'manja mwenimwenimo. Ine ndinaphunzira kuluka ndi masipoko a njinga onoledwa pamwala, ku Chigwirizano cha amayi kumpingo kwathu. Ulusi watsopano unali wodula, choncho tinkagula juzi yapakaunjika n'kuimasula. Ulusi womasula umatuluka wopotanapotana. Umaukulunga kumsana kwa mpando, kuuviika m'madzi ofunda, kuuyanika pamthunzi utaumangirira kamwala kunsi kuti uwongoke, kenako n'kuukulunganso. Mpaka lero ndimatero. Shawelo imatenga miyezi, mzere ndi mzere, madzulo ntchito zina zikatha. Ukaphonya diso limodzi, dzenje limaonekera patsogolo, ndiye umamasula n'kubwerera. M'nthawi yonseyo maganizo sachoka pa munthu amene sunamuone. Sudziwa ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, n'chifukwa chake ndinasankha wachikasu. Sudziwa ngati adzafika. Pakamwa pamangotuluka pokha pemphero: Ambuye, mufikitseni, mayi wake mumuchiritse.

Munthu wamatama amene Yakobo akumudzudzula saganizira n'komwe kuti zinthu zikhoza kulephereka. Woluka amaganizira zimenezo pa mzere uliwonse, koma amalukabe. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kuyembekezera, ndipo kuyembekezera Mkhristu analamulidwa. Luka amatiuza kuti Mariya anakulunga mwana wake m'nsalu ku Betelehemu, ali paulendo, malo ogona atasowa. Ndikamawerenga ndimeyo ndimaganiza kuti nsaluzo anachoka nazo ku Nazarete zili zochapachapa, zopindidwa bwino pakatundu wake. Nayenso Hana, atapereka Samueli kunyumba ya Mulungu ku Silo, ankamusokera kamwinjiro chaka ndi chaka n'kupita nako. Ankasoka mwanayo ali kutali, akungoyerekeza mumtima kuti pano watalika kufika pati. Palibe pamene Malemba amamudzudzula. Manja a mayi amayamba kutumikira mwana maso asanamuone, ndipo sindikhulupirira kuti Mulungu amene anaumba manjawo amakwiya nazo.

Pa chinthu chimodzi ine ndi amayi timagwirizana popanda kukambirana, ndicho chigumu. Chigumu sichiphikidwiratu. Chimadikira uthenga. Foni ikangolira kuti wachira, mlendo wafika, m'pamene timatsitsa nthochi zimene zapsa mpaka makoko kuda, kuzikanya ndi ufa wa mgaiwa, kasoda, kamchere, shuga pang'ono ngati alipo. Poto timaipaka mafuta, kuikha pambaula ya moto wofatsa, makala ambiri n'kuwaunjika pachivundikiro. Moto ukachuluka pansi chimapserera kunsi m'kati muli mwamuwisi, ndiye pamafunika munthu wokhala pomwepo, wosanyamukanyamuka. Fungo likayamba kumveka timabaya ndi mpeni pakati. Ukatuluka wouma, chapsa. Thobwa timakhala titafulula dzulo lake kapena dzana, chifukwa akuluakulu amati limathandiza mkaka, ndiponso mayi amene wangochira amamva ludzu kwambiri. Chigumucho sichidyedwa ndi apabanja okha. Pamalo ogona odikirira odwala pachipatala pamakhala amayi ochokera kutali amene ufa unawathera, ndipo mwambo wabwino ndi wakuti ubenthule n'kugawira aliyense amene wayala chitenje pafupi nawe. Pamenepa ndimakumbukira Sara, amene anakanya miyeso itatu ya ufa kuphikira alendo osawadziwa, ndipo tsiku lomwelo anamva lonjezo la mwana.

Koma pali malo amene ndimasiyana ndi makolo poyera, ndipo pano sindibisa. Mwana akabadwa wakufa, kapena akamwalira asanatuluke m'chikuta, kwathu amati ndi mtayo. Amakaikidwa ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, opanda bokosi, opanda nyimbo. Mayi amauzidwa kuti asalire, adzabereka wina. Ndikudziwa kuti nazonso zinayamba ngati chifundo. Koma ndaona amayi akunyamula maliro osaliridwawo mpaka ukalamba, osapeza munthu wowafunsa. Choipitsitsa n'chakuti ngati mayiyo anali atagula kapena kuluka kanthu, pamapezeka wonong'ona kuti analaula yekha. Kumeneku ndi nkhanza. Ulusi sunaphepo mwana. Ana amafa ndi malungo a mayi, kuthamanga kwa magazi, kubadwa msanga, kubanika pobadwa, matenda olowera pamchombo, ndi kuchedwa panjira yopita kuchipatala. Kuika mlandu pa chipewa n'kusenzetsa mayi wosweka kale katundu amene si wake, n'kusiya zifukwa zenizeni zosakonzedwa.

Mnzathu wina wa m'Chigwirizano zinamuonekera zimenezi. Mwana wake anakhala ndi moyo usiku umodzi. Iye anali ataluka kachipewa koyera ka mzere wobiriwira m'mphepete, ndipo amayi aakulu atabwera kudzatenga mwanayo, anapempha chinthu chimodzi: "Amayi, mumuveke chipewa chake." Anayang'anizana, chifukwa si mwambo. Kenako gogo wina wamkulu pa onse anatenga chipewacho n'kumuveka yekha, akuwongola m'mphepete ndi chala kuti chisatseke maso. Mayi uja anandiuza patapita nthawi kuti chimene chimamutonthoza n'chakuti mwana wake sanapite ngati chinthu chotayidwa. Anapita atavala chimene anamukonzera, ngati munthu amene ankadikiridwa pakhomo. Ngati timakhulupiriradi zimene buku la Yeremiya ndi Salimo 139 amaphunzitsa, kuti Mulungu amamudziwa munthu akadali m'mimba, ndiye kuti amene anaikidwa tsiku lija anali munthu, ndipo ntchito ya manja a mayi wake inafika kwa mwini wake.

Kuchokera pamenepo, ife amayi a pampingo pathu tinayamba kusonkhanitsa ulusi wotsala. Timaluka tizipewa ting'onoting'ono, toyezera pa lalanje, n'kukapereka kuchipinda cha amayi ochira kuti tipatsidwe kwa ana obadwa msanga amene amayi awo anafika chimanjamanja. Tinagwirizananso kuti mnzathu akataya khanda tizipita monga timapitira pamaliro ena onse, ndi ufa, nkhuni ndi ndowa ya madzi, n'kumufunsa ngati mwanayo anali ndi dzina. Si onse amene akondwera nazo. Amayi ena achikulire amakana kutiperekeza, ndipo akulu a mpingo sanagwirizanebe ngati n'koyenera kuti abusa kapena mkulu wa dera azikapemphera kumanda a khanda lotero. Nkhaniyi taipempha kuti ikambidwe pamsonkhano wa akulu ukubwerawu, ndipo amene adzailankhule ndi mayi wa kachipewa koyera uja mwini wake.