Mavuto Ogula ndi Mavuto Obadwa Nawo

Masiku ano kwabuka mtundu wina wa alendo m'maiko otentha ngati lathu lino. Ndi amayi a ku Ulaya ndi ku Amereka, a zaka zapakati pa 40 ndi 60, amene ana awo adakula nachoka pakhomo. Ena amuna awo adamwalira, ena maukwati adatha, ena angotopa ndi ntchito ya muofesi. Amasonkhana kagulu kochepa, mwina asanu ndi atatu kapena khumi, nalipira kampani ya zamaulendo kuti iwatengere kumene kuli dzuwa loswa mtengo, udzudzu, misewu yafumbi ndi zilombo zolusa. Hotela yapamwamba saifuna kwenikweni. Chimene afuna ndi kugona m'hema, kuyenda pansi m'thengo ndi kukwera bwato pamadzi a ng'ona. Alendo otere akafika m'Malawi, ena amatsika chitunda cha ku Thabwa nalowa m'chigwa cha Shire kukaona njovu ku Majete, nyala ku Lengwe kapena mbalame za m'dambo la Elephant Marsh.

Funso limene ndifuna tisinkhesinkhe pamodzi, anzanga, ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu alipire ndalama kuti alawe kwa milungu iwiri mavuto amene mnzake adabadwira ndipo adzafera momwemo? Funsoli ndiliika pa Tengani, m'boma la Nsanje, pakati pa Bangula ndi Nsanje boma, chifukwa malo amenewa aona alendo a mtundu umenewu kwa zaka zoposa 160.

Tiyambe ndi mbiri. M'mwezi wa Januwale 1859 David Livingstone ndi John Kirk adakwera mtsinje wa Shire koyamba pa sitima yotchedwa Ma Robert. Atafika m'dziko la Mfumu Tengani ya Amang'anja, adapeza amuna pafupifupi 500 a mauta ndi mivi atandanda m'mbali mwa mtsinje, ndipo adawalamula kuti aime. Livingstone adatsika, nafotokoza kuti iwo ndani, achokera kuti, ndiponso kuti sadadze kudzagula akapolo. Mfumu itamva zimenezi ndi pamene idawalola kupitirira. Nkhani imeneyi tiisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Patapita zaka zitatu, mu 1862, amayi atatu Achizungu adafika pamathiriro a Zambezi: Mary Livingstone, Anne Mackenzie amene adali mlongo wake wa Bishopu Charles Mackenzie wa ku Magomero, ndi mkazi wa mmishonale Henry Burrup. Anne adali wa zaka zoyandikira 50 ndiponso wodwaladwala, komabe iye ndi Mayi Burrup adakwera bwato lopalasa, nadutsa m'dziko la Tengani mpaka kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa. Kumeneko adakamva kuti Bishopu adafa ndi malungo pa 31 Januwale pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, ndipo posakhalitsa adamvanso kuti Burrup nayenso watsikira kuli chete. Mary Livingstone adamwalira pa Shupanga pa 27 Epulo chaka chomwecho, ali ndi zaka 41. Amayi awa sadadzere zosangalatsa ayi, adatsata abale awo. Koma amene adabwera pambuyo pawo adadzeradi kuona dziko. Helen Caddick wa ku West Bromwich, ku Mangalande, adakwera Zambezi ndi Shire mu 1898 ali ndi zaka zoposa 50, napitirira mpaka ku nyanja ya Tanganyika, ndipo buku la ulendo wake lidatuluka mu 1900. Mary Hall adadzera njira yomweyo mu 1905 pa ulendo wake wopita ku Cairo, nalemba lake buku mu 1907.

Ndani angakane kuti amayi amenewa adali olimba mtima? Kwawo nthawi imeneyo mkazi sankaloledwa kuponya voti posankha aphungu a Nyumba ya Malamulo, ndipo mayi wachikulire ankayembekezeka kukhala pakhomo kuluka masokosi. Iwo adakana kukhala mphasa yoimika imene chiswe chimalowa. Amayi a lero amene akuyenda m'timagulu ndi zidzukulu za mtima womwewo. Munthu amene watha zaka makumi awiri kapena atatu akusamala mwamuna, ana ndi makolo okalamba, akafuna kudziwa ngati miyendo yake ikadali ndi mphamvu ndiponso ngati mtima wake ungapirire mantha, sindiona tchimo m'chilakolako chimenecho. Ngakhale kuyenda okhaokha akazi kuli ndi nzeru yake, pakuti pagulu lopanda amuna palibe wowalamula, palibe wowaseka akatopa, palibenso woti amuphikire.

Koma tsono tiyang'ane pansi pa machila. Pamtunda, Helen Caddick ndi Mary Hall ankanyamulidwa m'machila, nsalu yomangidwa ku mtengo wautali umene amuna ankasenza pamapewa mosinthanasinthana, akuthamanga ndi kuimba. Katundu wawo adali pamitu ya amtengatenga. Ambiri mwa amuna ogwira ntchito yotere ankaichita pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba umene Atsamunda adaika m'zaka za m'ma 1890. Mtunda umene mlendo adaupita ali chigonere, iwo adauponda ndi mapazi opanda nsapato, ndipo atamfikitsa adabwereranso wapansi. Pachikuto cha buku pali dzina la wonyamulidwa. Maina a onyamula ambiri adapita ndi mphepo. Nanga mwini ulendo adali yani?

Lero machila kulibe, kuli galimoto zamphamvu, koma funso likadalipo. Taganizani za mayi wa pa Tengani wa msinkhu womwewo wa zaka 50. Kutentha kumene mlendo akulembera abale ake modabwa, kuja kopitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi kumene iye amalimamo mapira ndi thonje. Bwato limene mlendo akwera kuti ajambule mvuu ndi lomwe iye amaolokera popita kudimba kutsidya. Chaka cha njala amalowa m'dambo mpaka m'khosi kukazula nyika, mizu ija yowawa ya maluwa a m'madzi, akudziwa bwino lomwe kuti ng'ona ili pomwepo. Hema limene mlendo alipira kuti agonemo, iye adagonamo kwa milungu yambiri pamsasa, madzi osefukira atakokolola nyumba yake mu Januwale 2015, kapena namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023. Ndipo pakati pa anansi ake pali amayi amene adayenda usiku m'thengo ndi ana kumbuyo kuthawa nkhondo ya ku Mozambique kuyambira 1986, pamene othawa nkhondo m'boma la Nsanje adachuluka kuposa eni nthaka. Amenewa palibe adawatcha ngwazi, palibe adawalembera buku.

Dzuwa nlomwelo, madzi ngomwewo, ng'ona njomweyo. Kusiyana kwagona pati? Ine ndiona kuti kwagona pa zinthu ziwiri: kusankha ndi kubwerera. Mlendo adasankha yekha kubwera, ndipo m'thumba mwake muli tikiti ya ndege, mankhwala oletsa malungo ndi pepala la inshuwalansi. Zikathina, galimoto imukwezera ku Blantyre. Mayi wa pa Tengani sadafunsidwe, ndipo alibe kwina kobwerera chifukwa kwawo nkomweko. Choncho chimene mlendo amagula si mavuto enieni. Vuto limene ungathe kulisiya tsiku limene wafuna lili ngati njala ya munthu wosala kudya ali ndi nkhokwe yodzaza. Njalayo imaluma ndithu, ndipo ikhoza kumphunzitsa kanthu, koma asayese kuti wadziwa njala ya amene nkhokwe yake ili mbee.

Alipo amene anganene kuti tisataye nthawi ndi mafunso otere, pakuti alendo amabweretsa ndalama. Nzoona. Chiyambire 2003, pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa Majete mogwirizana ndi boma, nyama zimene zidatha zidabwezedwamo, ndipo anthu a m'midzi yozungulira adapeza ntchito yolondera, yophika ndi yotsogolera alendo. Dambo la Elephant Marsh nalo lidalembedwa mu 2017 pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse. Sindinyoza ndalama imene igula ufa ndi kulipira fizi. Komabe ndalama imayankha funso la phindu, siyankha funso la ulemu. Amtengatenga aja nawonso ankalipidwa nsalu ndi mashereni. Munthu akhoza kukulipira bwino nakuonabe ngati mbali ya malo, pamodzi ndi mlambe ndi mvuu.

Alipo enanso, makamaka pakati pa ife ophunzira, amene anganene kuti maulendo onsewa ndi utsamunda wovala malaya atsopano, ndipo alendo akhale kwawo. Awanso sindigwirizana nawo. Makolo athu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo chigwa cha Shire chakhala njira ya anthu kuyambira kalekale: Amang'anja, Asena ochokera ku Zambezi, Amakololo amene adatsala kwa Chibisa, onsewa adafika ndi mapazi kapena ndi bwato. Kutseka khomo si mwambo wathu. Mwambo wathu ndi wakuti wofika pakhomo anene odi, aime, ayembekeze kuyankhidwa.

Apa ndi pamene nkhani ya 1859 ibwerera. Mfumu Tengani sidamize sitima ija, ndiponso sidangoiyang'ana ikudutsa. Idaiimitsa nifunsa. Pofunsapo idaonetsa kuti m'mbali mwa mtsinje muli anthu amene ali ndi mawu pa zochitika m'dziko lawo. Immanuel Kant, mphunzitsi wa nzeru zakuya wa ku Germany, adaphunzitsa mu 1785 kuti munthu asagwiritsidwe ntchito monga chida chabe chopezera zofuna za mnzake. Agogo athu sadawerenge Kant, koma chimene iye ankalongosola m'mabuku iwo ankachitcha umunthu. Muyeso wa ulendo wa mlendo ndi umenewu. Kodi adapempha asanajambule mayi wosenza mtsuko? Kodi adziwa dzina la wopalasa bwato, ndipo adafunsa kuti pa ndalama zimene adalipira, iye alandirapo zingati? Akabwerera kwawo, kodi akasimba za kulimba mtima kwake kokha, kapena akanenanso kuti adapeza amayi amene amachita tsiku ndi tsiku zimene iye adayesa kamodzi? Ngati mayankho ali abwino, abwere, mphasa tiyala. Ngati umphawi wa mnzake uli ngati gule woti aonerere nachoka, ndiye kuti wakwera machila ngakhale akuyenda ndi miyendo yake.

Koma chala cholozera mlendo chisatiiwalitse zala zotsala zimene zapindikira kwa ife eni. Ngati chokoma cha ulendo wotere ndi ufulu wosankha, kodi amayi athu tidawapatsa ufuluwo? Mayi wa kumudzi amayenda ndithu, koma nthawi zonse payenera kukhala chifukwa chomveka kwa amuna ndi kwa ankhoswe: maliro, kudikirira wodwala kuchipatala, kukagulitsa nsomba kapena nyemba ku Limbe. Mpata wina ndi wa mpingo, pamene amayi a Mvano kapena a Dorika asonkherana ndalama, nakwera lole akuimba kupita kumsonkhano. Yang'anani nkhope zawo tsiku limenelo, mudzaona kuti chilakolako cha mayi wa ku London ndi cha mayi wa pa Tengani nchimodzi. Koma mayi yemweyo atati anene kuti iye ndi anzake anayi a banki mkhonde afuna kupita ku Mulanje kukangoona phiri, kapena ku Mangochi kukaona nyanja, mudzi ungati chiyani? Ena angati wazungulira mutu, ena angati wapeza chibwenzi, ndipo oyamba kufunsa kuti adzukulu atsala ndi yani tingakhale ife ana ake ophunzira. Bambo akachoka mwezi wathunthu timati ali paulendo. Mayi akachoka masiku atatu timati watayirira pakhomo.

Ntchembere imene yalera ana, yaika makolo m'manda, yapulumuka njala ndi madzi osefukira, ilibe chosowa chodziyesera mphamvu. Mphamvu zake tidaziona kale. Chimene sidalawepo ndi ulendo wopanda katundu pamutu, ulendo umene palibe wafa, palibe wadwala, palibe wothamangitsa. Majete ali m'chigwa chomwechi, m'boma loyandikana nalo. Nchamanyazi kuti mayi wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere aone njovu za kumeneko, pamene mayi amene mwana wake akuzilondera sadafikeko.

Yankho langa tsono ndi ili. Kulawa mavuto mwa kufuna kwako si kulakwa, malinga usaiwale kuti uli ndi njira yobwerera imene mwini mudzi alibe, ndipo ulowe ndi odi monga adalowera amene adaimitsidwa kwa Tengani. Ndipo ife amene tidzalandira malipiro athu oyamba tikatuluka pano, tisanagule suti ndi wailesi, tiyambe tawafunsa amayi kumudzi funso limene palibe adawafunsapo: "Amayi, kukadakhala kuti palibe chokuletsani, mukadafuna kukaona kuti?" Tikafunsa, tikhale chete timve yankho lawo, kenaka tigule tikiti ya basi, yopita ndi yobwerera.