Mpata Wosiyira Mawa

Munthu amene anayendapo wapansi kuchokera ku Capital Hill kutsikira ku City Centre, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, amadziwa chimene alendo a ku Blantyre amadandaula nacho akafika mu Lilongwe: kuti pakati pa nyumba yaikulu imodzi ndi inzake pali mtunda, pali udzu ndi mitengo, pali malo ongokhala ngati eni ake anawaiwala. Koma sanaiwalidwe ayi. Iwo amene anajambula mzinda uno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, likulu la dziko lisanachoke ku Zomba m'chaka cha 1975, anasiya mipata imeneyi dala, podziwa kuti thumba la masiku amenewo silikanakwanitsa zonse zimene likulu lidzafune m'tsogolo. Ndipo taonani, Nyumba ya Malamulo imene tikuiona lero inatsegulidwa mu 2010, pa nthaka imene inadikira zaka zoposa 30.

Ndagwira ntchito m'dera limeneli nthawi yaitali, koma sindinaganizepo kuti m'mipata yotere muli funso la chikhulupiriro, kufikira tsiku limene mwana wa mlongo wanga anandipempha kuti ndimuperekeze kukagula kompyuta yosewerera magemu. Mnyamatayu anali atasunga ndalama miyezi yambiri pa ntchito yake yokonza mafoni, ndipo popeza kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, amayi ake anati asatulutse ndalama zochuluka chotero ine osaonapo. Ndinanyamuka ndi mtima wokayika, pakuti ndinakulira pakhomo pamene masewera ankayesedwa mdani wa ntchito. Koma ndili m'njira ndinakumbukira madoda a kumudzi amene ankazungulira bawo madzulo atachoka kumunda, popanda wowayesa aulesi, ndiponso kuti Mlengi mwini anapatula tsiku lopumula pakati pa masiku a ntchito. Za kusewerako ndinazisiya pomwepo. Chimene chinandigwira mtima tsiku limenelo chinali china.

Tinawoloka mtsinje wa Lilongwe Loweruka m'mawa, n'kulowa m'kasitolo kena ka ku Old Town, mmene makina akale anali atasanjikizana kufikira kudenga. Mwini sitolo anatiikira makompyuta awiri pathebulo. Yoyamba inali ya zija zimabwera kuchokera kunja zitatha ntchito m'maofesi, kaunjika wa makina tinganene, yaing'ono, yaudongo, yotsika mtengo ndithu, ndipo atangoiyatsa inadzuka msangamsanga. "Madala, ya ndalama zanu ndi imeneyi," anatero wamalondayo, "mungonyamula, lero lomwe mwana asewera." Yachiwiri inali chibokosi chachikulu chakuda, chokwererapo mtengo, ndipo atachotsa chitseko chake cha m'mbali ndinadabwa kuona kuti theka la m'kati mwake munalibe kanthu.

Pamenepo mnyamata uja anayamba kundilozera ndi chala, mwaulemu koma mosajejema, monga amachitira munthu amene waloweza munda wake. Anandisonyeza motherboard, chibale chachikulu chimene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, ndipo pakati pake panali mpando wa purosesa wotchedwa AM4, umene kampani ya AMD inautulutsa mu 2016, ndi umene wakhala ukulandira mapurosesa a Ryzen kuyambira oyambirira a 2017 kufikira Ryzen 7 5800X3D wa 2022, bola motherboard yake ipatsidwe BIOS yatsopano. Purosesa amene analipo tsikulo, Ryzen 5 5600G, amatha kujambula yekha zithunzi za gemu popanda graphics card, ngakhale si mokongola kwenikweni. Mipata ya RAM inalipo 4, koma yodzazidwa inali iwiri yokha, uliwonse 8GB. Pansi pa bokosilo panali power supply ya mawati 550, yoposa kutali zimene makinawo ankafuna pa tsikulo. Kenaka anatembenukira ku kakompyuta kokongola kaja, nandionetsa kuti bokosi lake n'lopanikiza moti khadi yaikulu singalowemo, kuti power supply yake ndi yaing'ono ndiponso ya mapulagi akeake amene sugula m'sitolo wamba, kuti mpata wa khadi pawokha umapereka mawati 75 basi, ndi kuti purosesa wake anali Intel wa m'badwo wa 7, pamene Windows 11 imafuna wa m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, Microsoft nayo itanena kale kuti idzaleka kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ine maso anga anali pa mpata umodzi wautali wa m'chibokosi chakuda chija, wopanda kanthu, wokhala ndi kachingwe kolendewera pambali pake. "Nanga apa chachotsedwapo n'chiyani?" ndinafunsa. Iye anamwetulira nati, "Palibe chachotsedwa, amalume. Pamenepo ndi pa mawa."

Mawu amenewa anandisowetsa tulo, chifukwa ndine munthu amene ndinaphunzitsidwa kuyambira ku Sande sukulu kuti mawa si athu. Kodi Ambuye sanatichenjeze za kudera nkhawa tsiku limene silinafike, natilozera mbalame zimene zilibe nkhokwe? Kodi ana a Israyeli m'chipululu, atasunga mana kufikira m'mawa motsutsana ndi lamulo, sanawapeze atagwa mphutsi? Ndipo mwini chuma wa m'fanizo la Luka, amene anaganiza zopasula nkhokwe zake kuti amange zazikulu, kodi sanatchedwe wopusa usiku womwewo? Ngati zili chomwecho, mnyamata wolipira ndalama zoonjezera lero chifukwa cha khadi imene alibe, ya m'chaka chimene sanalonjezedwe, angaoneke ngati wayamba kale kudwala nthenda ya kusakhutira. Komatu Buku lomwelo limatamanda Yosefe, amene anakundika tirigu zaka 7 za dzinthu napulumutsa Aigupto ndi abale ake omwe. Limanena za womanga nsanja amene ayenera kuyamba wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Ndipo limasimba za Davide amene anasonkhanitsa miyala, mitengo ndi chitsulo za kachisi amene maso ake sanadzamuone. Munthu wofuna kuyenda mowongoka pakati pa mana ndi nkhokwe za Yosefe ayenera kudziwa chimene chikusiyanitsa ziwirizi, pakuti kunja kwake zonse ndi kusungira mawa.

Ndisabise kuti mbali ya wamalonda uja ili ndi mphamvu, makamaka m'dziko lathu lino, mmene mtengo wa chiwalo chilichonse cha kompyuta umawerengedwa m'madola usanafike m'makwacha. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti wosunga ndalama za khadi amafanana ndi munthu wothamangitsa mthunzi wake dzuwa likupendeka: iye akayandikira, mtengo wasuntha. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kuwonjezera apo, ngakhale mpando wa AM4 umene mnyamata ankaunyadira suli wamuyaya, chifukwa mu 2022 kunabwera AM5, umene umafuna RAM ya mtundu wina, ya DDR5, yosalowa m'mipata yakale. Ndipo tsiku lidzafika pamene vinyo watsopano sadzathekanso kuthiridwa m'matumba akale amenewo. Aliyense wonena kuti wagula kompyuta imene adzangoiwonjezera mpaka kalekale akudzinyenga yekha.

Koma nditasinkhasinkha masiku angapo, ndikuyenda m'mipata ija ya City Centre pa nthawi ya nkhomaliro, ndinaona kuti kusiyana kuli apa. Wosunga mana anatenga chinthu cha mawa nachifumbatira lero, chifukwa sanakhulupirire kuti Wopereka adzaperekanso. Ndipo mwini nkhokwe zazikulu anafuna kuzidzaza, kutseka pakhomo, ndi kuuza moyo wake kuti zonse zatha, palibenso chimene akusowa kwa Mulungu kapena kwa munthu. Onsewa manja awo anali odzaza. Koma wosiya mpata sanafumbate kalikonse. Iye savomereza kuti mawa ndi ake, ndipo sanena kuti khadi ija idzabwera ndithu. Chimene wachita n'chakuti wakana kutseka khomo limene mawa angadzalowerepo ngati adzaperekedwa. Ndi khalidwe lomwe lija la anthu athu akamati "Mulungu akalola," mawu amene saletsa munthu kukonza ulendo, koma amamukumbutsa mwini wake wa njira. Mpata wopanda kanthu ndi chivomerezo cha zinthu ziwiri pamodzi: kuti lero ndine wosauka, ndi kuti kusauka kwanga sindikukuyesa mawu otsiriza.

Amalawi nzeru imeneyi sitinaiphunzire ku makina. Yendani ku Area 49 kapena ku Area 25, mudzaona nyumba zimene zaima pa mawindo chaka chathunthu, zina zofoleredwa zipinda ziwiri zokha eni ake akugonamo, zina zitsulo zili tuu pamwamba kudikira nyumba yosanja. Ndipo womanga wanzeru aliyense adzakuuzani kuti simenti yochuluka imapita pansi, pa maziko amene palibe mlendo adzawayamikire, chifukwa penti ungasinthe chaka chilichonse koma maziko sabwerezedwa. M'mera m'poyamba. Chomwechonso pa kompyuta ya munthu wa ndalama zochepa, ndalama ziyenera kutsata zosaoneka, ndizo motherboard yokhala ndi mipata yokwanira, bokosi lotakasuka la muyezo wamba, ndi power supply yodalirika. Pakuti magetsi a mumzinda uno amachokera kutali, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Kumene magetsi amapita n'kubwera, power supply yachabechabe ikapsa imatha kupita ndi ziwalo zinzake, monga moto wa m'khitchini umene sufunsa kuti chipinda chogona n'cha yani. Timagetsi tamitundumitundu tothwanima m'bokosi, timene anyamata ambiri amathamangira, ndi penti chabe.

Komabe pali dzenje limene wosiya mpata angagweremo, ndipo ndaona ana a anzanga ali m'menemo. Mpata uja ukhoza kusanduka bala losapola. Mnyamata amakhala usiku wonse pa YouTube kuonera ena akuyesa makhadi atsopano, akaika RAM lero mawa mtima uli pa purosesa, akapeza purosesa sikirini yayamba kumunyansa, ndipo gemu imene anagulira makinawo sakuyisewera n'komwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mtumwi Paulo, amene anadziwa kusowa nadziwanso kusefukira, ananena kuti kukhutira ndi chinthu chimene anachita kuphunzira, ndipo sindikukayika kuti sukulu yake ikadalipo. Muyezo umene ndinaupeza ndi uwu: chimene wagula chikutumikire lero monga chilili, ngakhale mawa asadzabwere. Ngati kompyuta singachite kanthu kufikira utaiwonjezera, sunagule mpata koma ngongole. Ngati ikugwira ntchito yake lero, ndipo mpata uli pamenepo mwakachetechete osakulanda tulo, ndiye kuti chiyembekezo ndi kukhutira zagona m'nyumba imodzi, chinthu chimene alaliki ambiri amachilakalaka pa nkhosa zawo.

Pobwerera kunyumba mnyamata anandifunsa funso lake, chibokosi chili pamiyendo m'galimoto. "Amalume, nanga ndikadzasintha purosesa, ndi RAM, ndi khadi, kenaka motherboard yomwe, idzakhalabe kompyuta yomwe ino?" Agiriki akale anafunsa chimodzimodzi za ngalawa ya Theseus, imene matabwa ake ankasinthidwa limodzilimodzi. Ine ndinamuyankha ndi khasu la agogo ake, limene mpini wake unasinthidwa kambirimbiri ndi chitsulo chake chomwe, koma pamudzi palibe amene analitchula dzina lina. Ndinamukumbutsanso kuti kwathu mfumu ikagona wina amalowa dzina, ndipo Tsabango amakhalabe Tsabango ngakhale nkhope yasintha. Chimene chimapitirira ndi ntchito ndi dzina, ndi anthu amene chinthucho chikuwatumikira. Ndipo ndinaganiza mumtima, osamuuza, kuti mneneri Ezekieli analonjeza anthu ake mtima watsopano m'malo mwa mtima wamwala popanda kunena kuti adzaleka kukhala Israyeli. Ndi kuti munthu woopsa pa onse amene ndakumana nawo m'maofesi ndi m'mipingo si wosowa zambiri ayi, koma womatidwa mbali zonse, amene mwa iye mulibe poti chatsopano chingalowe.

Papita miyezi tsopano. Ndalama za khadi zinatsala pang'ono kukwana, koma mlongo wake wamng'ono anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, ndipo mnyamata anazipereka zonse pa fizi ndi matiresi, popanda womukakamiza. Lamulungu lapitali nditatuluka m'tchalitchi ndinapatukira kwawo ku Area 47, ndipo ndinamupeza atatsegula chitseko cha m'mbali chija, akuchotsa fumbi la chilimwe pa fani ndi kaburashi kofewa. Anapukuta ndi mpata wautali uja womwe, mosamala, ngakhale munalibe kanthu. Atatseka anayatsa makinawo, ana a nyumba yoyandikana nayo anabwera atatu, nakhala pa mkeka kulandirana zosewerera, mpira uli m'kati pa sikirini. Zithunzi zake zinali zosalala pang'ono, udzu wa m'bwalo wosaoneka bwino, koma chigoli chitalowa anakuwa onse mpaka amayi ake anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja kudzaona chimene chachitika.